Thirakitala ya 1972, maola 900 okha: mugule kapena muisiye?

Malonda ake amabwera ndi zithunzi ziwiri. Choyamba chimaonetsa Massey Ferguson 135 yofiira itaima pa simenti. Chachiwiri amajambula pafupi, pa mita ya maola, kuti muwerenge nokha: 0900. Wogulitsa amati ndi ya 1972, mwini wake anali mkulu wina amene sankaigwiritsa ntchito kwenikweni, idangokhala m'shedi. Mtengo wake umaposa wa zinzake za msinkhu womwewo, ndipo chokweza mtengowo ndi nambala ija. Munthu wofuna thirakitala yolimira munda wake, kapena yochitira bizinesi yolimira ena, ayenera kudziwa kuti nambalayi angaikhulupirire mpaka pati.

Bwanji thirakitala amaiwerengera maola, pomwe galimoto timaiwerengera makilomita?

Chifukwa thirakitala imatha kutopa ili pamalo amodzi. Ikamayendetsa makina otonolera chimanga kapena pampu yothirira, matayala sasuntha koma injini imakoka kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ngakhale polima, imangoyenda makilomita 5 kapena 6 pa ola, injini ikulimbana ndi dothi nthawi yonseyo.

Injini ya dizilo yosamalidwa bwino, monga ya Perkins ya masilinda atatu yomwe ili mu 135, amakaniko amaiyembekezera kufika maola 8,000 kapena 10,000 isanafune kuphwasulidwa. Thirakitala ya pa esiteti, yomwe imalima, kututa nkhuni zowotchera fodya, kenako kunyamula mabelo, imatha kudutsa maola 1,000 m'chaka chimodzi. Tsono gawani 900 ndi zaka 50. Mupeza maola 18 pa chaka, ntchito ya masiku awiri. Zoterezi zimatheka, koma amene akuzinena ndiye ayenera kubweretsa umboni.

Kodi mita inganame? Si makina?

Imanama ngakhale munthu asanaikhudze.

Pa mathirakitala akale mita siyendera magetsi. Imazunguzidwa ndi kawaya kopyapyala kochokera ku injini, kofanana ndi ka sipidomita ya magalimoto akale. Kawayaka kakaduka, muvi umagona ndipo manambala amaima, koma thirakitala imalima ngati kale. Ndi mlimi uti angaimitse ntchito mu Okutobala, mvula ili pafupi, chifukwa cha kawaya ka mita? Amati tidzakonza tikakolola, zaka 10 n'kutha mita ili pomwepo. M'kuona kwanga, apa ndi pomwe pamachokera mathirakitala ambiri a maola ochepa, ndipo amene akukugulitsani, ngati nayenso adachita kuigula kwa wina, mwina sakudziwa n'komwe.

Mita imathanso kukhala kuti si yoyamba. Zatsopano za 135, 165 ndi Ford 5000 zikugulitsidwabe m'mashopu a masipeya, ndipo iliyonse imayambira pa ziro. Okonzanso mathirakitala kuti agulitse amakonda kuika yatsopano chifukwa yakale galasi lake limakhala litachita chifunga. Kutero si mlandu ngati akuuzani. Iyang'aneni nkhope yake: ikamawala kuposa mamita anzake a pomwepo, muvi wake wosasuluka ndi dzuwa, ndiye kuti idabwera mochedwa.

Palinso kubwerera pa ziro. Mita zambiri zili ndi malo a manambala anayi okha, ndipo zikadutsa 9,999 zimayambiranso. Choncho 0900 ikhoza kukhala 10,900, ndipo pa thirakitala ya zaka 50 nambala yachiwiriyi ndiyo yomveka, chifukwa ikutanthauza maola pafupifupi 220 pa chaka.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mita ya kawaya siwerenga nthawi ngati wotchi. Imawerenga kuzungulira kwa injini, n'kukusandutsa maola poganiza kuti injiniyo ikuthamanga pa liwiro lomwe a fakitale adasankha. Injini ikamangolira pang'onopang'ono podikira kuti ngolo idzaze, ola lathunthu limatha kulembedwa ngati theka. Mita zamagetsi za mathirakitala a pambuyo pake ndizo zimawerenga nthawi yeniyeni.

Akamberembere nawo alipo. Kutsegula mita n'kubweza manambala sikufuna zida zambiri, ndipo chizindikiro chake kawirikawiri ndi manambala osaima pamzere umodzi, kapena mkombero wa galasi wopindika pomwe adautsegulira.

Ndiye kuti ya maola ochepa enieni kulibe?

Ilipo. Ku Britain kudali anthu a minda yaing'ono, masukulu ndi mabwalo a masewero omwe ankagula 135 yongotchetchera udzu m'miyezi yotentha. Kwathu kuno imapezeka pa mishoni, pa sukulu ya ulimi, kapena pa chitukuko china chomwe chidatha ndalama thirakitala isanatope. Ina idaima mwini wake atamwalira, achibale n'kusagwirizana za chuma cha masiye kwa zaka zambiri.

Funso loti mufunse ndi lakuti idaimiranji. Thirakitala yomwe inkalizidwa mwezi ndi mwezi, n'kugwira kantchito kochepa chaka chilichonse, ndi yosiyana kwambiri ndi yomwe idazima tsiku lina mu 1995 osalizidwanso. Ndipo yozima mwadzidzidzi nthawi zambiri imakhala ndi chifukwa chake: china chidathyoka, sipeya idasowa, anthu n'kuikankhira m'shedi. Amene ankadziwa chothyokacho mwina adachoka kalekale.

Pa zochokera ku Britain pali chinanso chofunika kuchiganizira. Mtundu wa 135 unkapangidwa pa fakitale ya Banner Lane ku Coventry kuyambira 1964 mpaka m'ma 1970, ndipo fakitaleyo idasiya kupanga mathirakitala mu 2002. Ku Britain tsopano kuli anthu osonkhanitsa mathirakitala akale ngati chuma, amene amalimbirana 135 ya maola ochepa enieni, ya penti wake woyamba, n'kupereka ndalama zomwe mlimi wofuna kulima sangapereke. Yotereyo sikwera sitima kubwera ku Africa pa mtengo wotsika. Ikafika ku Beira kapena ku Dar es Salaam yotchipa, mita ikunena 900, dzifunseni chifukwa chomwe anthu aja adaisiyira.

Ndingadziwe bwanji kuti maolawo ndi oona?

Funsani chitsulo. Mpini wa khasu umaonetsa zaka zake pamalo pogwira, pomwe manja adausalaza, ndipo thirakitala nayo ili ndi malo otere omwe wogulitsa sakumbukira kuwabisa.

Yambani ndi zopondera. Cha kilatchi ndi za mabuleki zimatuluka m'fakitale zili ndi mizere yoteteza kuti nsapato isaterereke. Pa maola 900 mizereyo iyenera kukhalapo yonse, mwina penti yekha atachoka. Ikakhala yoperepeseka mpaka chitsulo kusalala, phazi lapondapo kosawerengeka. Gwedezani chopondera cham'mbali. Chogwedera pa msomali wake chagwira ntchito zaka zambiri.

Zungulirani kumbuyo. Bowo la chitsulo chokokera ngolo limayamba lili lozungulira bwino, koma msomali wa ngolo ukamalikwecha chaka ndi chaka limatalika mbali imodzi. Mikono iwiri yonyamulira pulawo ili ndi timipira tachitsulo kumapeto kwake. Pa thirakitala yosatopa timakhala tothina, pa yotopa timagwedera, kapena mumaona poti adadula takale n'kuwotchererapo tatsopano. Onaninso mano a shafiti ya PTO, yoyendetsera makina kumbuyo kwa thirakitala, ngati ali akuthwa m'mbali kapena odyeka.

Kutsogolo, ikani jeke, tukulani matayala, muwagwedeze. Gwedezaninso ekiselo yonse pa msomali wake wapakati. Potozani chiwongolero pang'ono muone ngati matayala akumvera msanga kapena mukuyamba mwazunguza mphepo.

Manati nawo amalankhula. Aja olumikiza injini ndi bokosi la magiya akakhala odyeka m'makona ndi sipanala, thirakitalayo idagawidwapo pakati, ndipo kawirikawiri amaigawa posintha kilatchi. Kilatchi yotha pa maola 900 ndi yachilendo. Chimodzimodzi manati a mutu wa injini, ndi zomatira gasiketi zofinyikira kunja m'malo omwe a fakitale sankaziika.

Matayala ambiri opangidwa kuyambira 2000 ali ndi manambala anayi m'mbali osonyeza sabata ndi chaka: 2314 ndi sabata ya 23 ya 2014. A m'mbuyo mwake adali ndi manambala atatu. Thirakitala ya maola 900 enieni nthawi zambiri imakhala pa matayala ake oyamba, mano ali aatali koma labala atang'aluka ponseponse. Mukapeza akumbuyo a 2014 atatha theka, wogulitsa afotokoze momwe oyamba adathera, chifukwa matayala akumbuyo olimira m'munda amatenga maola masauzande angapo.

Pomaliza, mapepala ndi anthu. Malisiti a ku galaja amalemba maola ndi tsiku, ndipo amakaniko ena amalemba maola pa fyuluta akasintha oyilo. Ngati idali pa esiteti kapena pa mishoni, funafunani dalaivala wake wakale. Iye amadziwa tsiku lomwe mita idafa kuposa bwana amene akusayina mapepala.

Chizindikiro chimodzi sichikwanira, chifukwa chopondera chimasinthidwa ndipo matayala amabwerekedwa. Zonse ziyenera kunena chimodzimodzi.

Nanga penti watsopano akutanthauza chiyani?

Akutanthauza kuti wina adagula penti. Onani ngati wapakidwa pamwamba pa girizi wakale, pa mapaipi a labala ndi pa mawaya. Wosamala amaphwasula asanapente, wofuna kugulitsa msanga amangopopera. Pa nkhani ya maola, thirakitala yosuluka ndi dzuwa ndi yabwino kwa wogula kuposa yowala, chifukwa pomwe padadontha oyilo pakuonekabe.

Tiyerekeze kuti zonse zagwirizana, maola ndi 900 ndithu. Si ndiye kuti ndapeza yatsopano pa mtengo wa yakale?

Ayi. Mwapeza magiya, mashafiti ndi mabering'i osatopa, ndipo chimenecho si chinthu chaching'ono. Koma mita siwerenga zomwe zimachitika injini ili chete, ndipo zimenezo ndi zambiri.

Choyamba kuwonongeka ndi labala. Timalabala totsekera oyilo pa mashafiti timakhala tofewa shafiti ikamazungulira n'kumatinyowetsa. Ikaima zaka, timauma n'kung'aluka. Tsiku logula thirakitala imaoneka youma bwino, koma ikangolima sabata ziwiri, oyilo atatentha, imayamba kudontha ku injini, ku ekiselo, ku PTO ndi ku chiwongolero. Kalabala kamodzi n'kotchipa. Chodula n'chakuti kena kali kumbuyo kwa injini, ndipo kuti mukafike muyenera kuigawa thirakitala pakati. Pa 135, totsekera oyilo ku ekiselo yakumbuyo tikachucha, oyilo amanyowetsa mabuleki, omwe pa mtundu umenewu ayenera kukhala ouma, ndipo amasiya kugwira. Mapaipi a rediyeta, lamba wa fani ndi matayala, zonse ndi labala.

Chachiwiri ndi madzi. Chitsulo chikamatentha masana n'kuzizira usiku, m'kati mwa bokosi la magiya mumachita thukuta. Thirakitala yogwira ntchito imatenthetsa oyilo n'kuumitsa chinyezicho, yongokhala imachisunga. Pa 135 pali khomo linanso: timalabala tophimba pansi pa ndodo za magiya tikang'ambika, mvula imatsetsereka ndi ndodozo mpaka m'bokosi. Popeza bokosi la magiya, ekiselo yakumbuyo ndi hayidiroliki zimagwiritsa ntchito oyilo mmodzi, wa malita pafupifupi 30, madziwo amafika mpaka ku pampu yonyamulira pulawo. Oyilo wotere amaoneka wotuwa moyererako. Masulani pang'ono nati yokhetsera oyilo pansi thirakitala isanalizidwe: ngati muli madzi, ndiwo amayamba kutuluka.

Injini nayo imamwa mvula kudzera pa paipi ya utsi yoloza kumwamba. Thirakitala yosiyidwa pansi pa mtengo wa mango popanda chitini pa paipi imatha kulandira madzi a dzinja lililonse mpaka m'silinda, maring'i n'kuchita dzimbiri, pisitoni n'kumatirira. Ena amaimasula poikoka ndi inzake, n'kulira ndithu, koma mabala a dzimbiri amatsala m'silinda ndipo injiniyo imadya oyilo mpaka itaphwasulidwa.

Dizilo wokhalitsa amachita utomoni, ndipo pomwe wakumana ndi madzi pansi pa thanki pamamera zonanda zakuda zotseka mafyuluta. Pampu ya mafuta ya CAV, yomwe ili pa 135 ndi pa ma Ford ambiri a nthawi imeneyo, imafeweredwa ndi dizilo yemweyo amene ikupopa, choncho madzi akalowamo tizitsulo ta m'kati timachita dzimbiri n'kumatirira. Imeneyi siikonzedwa pansi pa mtengo. Imafuna galaja yokhala ndi makina oyezera mapampu ndi mainjekita.

M'rediyeta, mankhwala oteteza dzimbiri amatha mphamvu pakapita zaka zochepa, ndipo ambiri kwathu kuno amangothira madzi a pa mjigo. Apa ogula Ford 5000, 6600 kapena 6610 asamale kwambiri. Masilinda a mainjini amenewa adabooledwa m'buloko momwemo, ndipo amadziwika ndi vuto lodyeka kuchokera ku mbali ya madzi mpaka kuchita timabowo tolowetsa madzi mu oyilo. Vutoli limakula madzi akakhala opanda mankhwala, ndipo mita siingakuchenjezeni.

Mbale ya kilatchi imamatirira ku gudumu lachitsulo la injini chifukwa cha dzimbiri, moti mukaponda, magiya amangokukuta osalowa. Makoswe amadya mawaya n'kumanga zisa m'njira ya mpweya, mavu amamata dothi m'timapaipi topumira. Zochokera ku mayiko ozizira zina adazithira madzi a mchere m'matayala kuti zilemere, ndipo mcherewo umadya malimu kuchokera m'kati. Onani pozungulira valavu.

Komabe injini yomwe sinavutikepo ndi katundu wolemera si ndiye yabwino?

Osati nthawi zonse. Injini ya dizilo imafuna kutentha ndi kukoka. Yomwe moyo wake wonse idangolira pang'onopang'ono ndi kukoka kangolo kopepuka, makoma a masilinda ake amasalala mopitirira, maring'i sagwira bwino, imatulutsa utsi wabuluu ndipo pa paipi ya utsi pamachucha zakuda zonyowa. Nthawi zina masiku angapo a pulawo m'dothi lolimba amaichiritsa. Nthawi zina imafuna kutsegulidwa ngakhale maola ali ochepa.

Tsiku lokaiona ndichite chiyani?

Pitani ndi makaniko wanu, wodziwa mathirakitala, osati amene wogulitsa wakupezerani. Nenani pasadakhale kuti mukufuna kuipeza yozizira, ndipo mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, wina wailiza inu musanafike, ndipo injini yovuta kulira m'mawa imabisidwa chomwecho.

Isanalizidwe, onani oyilo wa injini, oyilo wa magiya, madzi a m'rediyeta ndi pansi pa thanki. Ngati yakhala zaka osalira, makaniko ayambe waizunguza injini ndi dzanja kuti amve ngati ikuzungulira yonse popanda pogwira. Kuikakamiza ndi batire m'silinda muli madzi kumapinda ndodo ya pisitoni.

Ikalira, utsi pang'ono poyamba si vuto. Wabuluu wosatha ndi oyilo amene akupsa. Woyera wosatha injini itatentha ndi madzi kapena mainjekita osapopera bwino. Wakuda pokoka katundu wamba ndi mafuta ochuluka kapena mpweya wochepa. Yang'anani kapaipi kopumira injini kotsikira pansi: kakamafuka kwambiri kapena kulavula oyilo, maring'i atha, mita inene zomwe ikufuna. Tsegulani chivindikiro cha rediyeta injini ikadali yozizira muone ngati madzi akuchita thovu ikamalira.

Kenako ilime. Mphindi zisanu zozungulira pabwalo sizionetsa kanthu. Mangani pulawo, mupite pamalo olimba, igwire ntchito ola lathunthu mpaka oyilo atenthe, muvi wa mphamvu ya oyilo mukuuyang'ana. Lowetsani giya iliyonse, muone ngati ina ikudzichokera. Pondani buleki iliyonse payokha. Kilatchi ya 135 zambiri ndi ya magawo awiri, loyamba loimitsa matayala, lachiwiri loimitsa PTO, ndipo onse ayesedwe. Ngati ili ndi Multi-Power, kandodo kosinthira pakati pa liwiro lokwera ndi lotsika mu giya iliyonse, yesani mbali zonse ziwiri, mukukumbukira kuti ikakhala pa liwiro lotsika injini siigwira thirakitala pamtsetse, chinthu chomwe chagwetsa madalaivala osazolowera. Mukamaliza tukulani pulawo m'mwamba, zimitsani injini, mudikire. Pulawo yotsika msanga ikusonyeza kuti hayidiroliki ikuchucha m'kati. Imikani thirakitala pamalo oyera, mupite mukamwe tiyi, mukabwera muwerame muone zomwe zadontha.

Wogulitsa wokana kuti ilime wakuyankhani kale.

Nanga timathirakitala tating'ono ta ku Japan? Tambiri timaonetsa maola 400 kapena 600.

Pa timeneti maola ochepa nthawi zambiri amakhala oona. Minda ya mpunga ku Japan ndi yaing'ono, ndipo Kubota, Yanmar kapena Iseki ya mlimi wa kumeneko imagwira ntchito masiku ochepa pa chaka, kenako n'kubwerera m'shedi. Komabe zina za m'ma 1970 ndi 1980 zili ndi mita yobwerera pa ziro ikadutsa 999.9, choncho 400 ikhoza kukhala 1,400 kapena 2,400.

Vuto lalikulu ndi ntchito yomwe mukuifunira. Tambiri ndi ta mphamvu ya mahatchi 15 mpaka 30, topepuka, topangidwira makina ophwanya dothi lonyowa. M'minda ya mpunga ngati ya ku Bwanje, Lifuwu kapena Limphasa, ndi m'madimba a ndiwo zamasamba, tikhoza kuthandiza. Katondo wouma wa ku Kasungu kapena Mchinji mu Seputembala amafuna kulemera ndi mphamvu: 135 ya mahatchi pafupifupi 45 imakoka pulawo ya mbale ziwiri, ndipo ya mbale zitatu imafuna thirakitala yoposa pamenepo. Masipeya nawo ndi ovuta, chifukwa mitundu yopangidwira msika wa ku Japan ili ndi manambala osiyana ndi yomwe kampani zomwezo zinkatumiza kunja. Musanagule, tengani nambala yake mukafunse m'mashopu a masipeya ku Lilongwe kapena ku Blantyre ngati ali ndi fyuluta, gasiketi ya mutu ndi pampu ya madzi. Akapukusa mutu pa zitatu zonsezi, maola 400 sakuthandizani.

Ndiwonjezere ndalama zingati chifukwa cha maola ochepa?

Pa nambala yokha, popanda umboni, musawonjezere kanthu. Ikani mtengo ngati mita kulibe, potengera zomwe mwaona ndi zomwe makaniko wamva. Umboni ukakhalapo, kuwonjezera pang'ono n'koyenera, koma muyambe mwachotsapo zomwe muwononge isanalowe m'munda: matayala anayi, batire, oyilo yense, mafyuluta, mapaipi, mwinanso kukonza pampu ya mafuta ndi kuigawa pakati kamodzi. Funsani mtengo wa matayala awiri akumbuyo musanayambe kukambirana, chifukwa amenewo okha amatha kumeza phindu lonse lomwe mumaliona.

Kukanakhala kusankha kwanga, pakati pa 135 ya maola 900 yomwe yakhala zaka 20 osalira, ndi ina ya maola 5,000 yomwe idalima chaka chatha, mwini wake ali ndi buku la oyilo ndi malisiti, ndikanatenga yachiwiri. Zofooka zake zidaoneka kale n'kukonzedwa, pomwe za yoyamba zidzaonekera m'munda mwanu.

Yerekezaninso ndi zatsopano zotsika mtengo. Kampani ya Millat ku Lahore, Pakistan, ikupangabe Massey Ferguson 240, 375 ndi 385, ndipo 240 ili ndi injini ya masilinda atatu ya mtundu womwe uli mu 135. TAFE ya ku Chennai, India, nayo imapanga za banja lomwelo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe masipeya a Massey yakale sasowa. Ngati mtengo wa yakale, kuphatikiza zokonza, ukuyandikira wa imodzi mwa zimenezi, maola 900 a mu 1972 alibenso chokopa.

Pa zomwe muwononge isanalowe m'munda zija ikanipo chitsulo choteteza dalaivala thirakitala ikagudubuzika. Ku Britain lamulo lofuna chitetezo chotere pa mathirakitala atsopano lidayamba mu 1970, kotero zambiri za m'mbuyo mwake zilibe, ndipo zina adachichotsa pozipakira m'kontena.

Ndikuitanitsa kunja, sindingathe kukaiona. Nditani?

Apa ndiye nambala ya maola imagulitsa kwambiri, chifukwa wogula alibe china chogwira. M'misika ikuluikulu ya okishoni, monga wa Cheffins pafupi ndi Ely ku England komwe mathirakitala ambiri obwera ku Africa amadutsa, chizolowezi n'kulemba zomwe mita ikuonetsa, ndipo kufufuza ngati n'zoona ndi udindo wa wogula. Wamalonda akaigula kumeneko n'kuipenta, nambala ija imafika kwa inu ngati lonjezo.

Pemphani zithunzi za pafupi za zopondera, bowo lokokera ngolo, timipira ta mikono, manambala a matayala, ndi kachitsulo kolembedwa nambala ya thirakitala. Nambala imeneyo, pamodzi ndi ya injini, imasonyeza chaka chenicheni, ndipo iyenera kufanana ndi ya pa mapepala otumizira katundu. Pemphani kanema wosadukiza woonetsa dzanja likugwira paipi ya utsi yozizira, injini ikulizidwa, mita ikuyenda, ndi kapaipi kopumira. Ngati muli ndi mbale ku Britain kapena ku South Africa, kulipira makaniko wa kumeneko kuti akaione n'kotchipa poyerekeza ndi kubweretsa chitsulo chakufa mpaka ku Mwanza kapena ku Songwe. Za msonkho funsani a MRA isananyamuke, osati itafika pachipata.

Yogula konkuno nayo ili ndi mapepala ake. Tsimikizani kuti wogulitsa ndiye mwini, kuti si chikole cha ngongole ku banki, ndipo ngati ndi ya malemu, onse oyenera avomereza. Ngati idzayenda pamsewu, nambala za pa buku lake zifanane ndi za pa chitsulo.

Ndagula. Ndiyambe ndi chiyani?

Khetsani zonse musanaipatse ntchito: oyilo wa injini, wa magiya, wa m'chiwongolero, madzi a m'rediyeta ndi dizilo wakale. Thanki ichotsedwe itsukidwe, apo ayi mafyuluta atsopano adzatsekeka m'masiku ochepa. Ngati sefa ya mpweya ndi ya m'beseni la oyilo, monga zilili pa zambiri zakale, itsukeni muthire oyilo watsopano mpaka pa mzere wake. Sinthani mapaipi a rediyeta ndi lamba ngakhale zikuoneka zabwino, thirani madzi okhala ndi mankhwala oteteza dzimbiri, ndipo popani girizi pamalo ponse mpaka wakale atuluke. Oyilo woyamba wa injini musamusunge maola 200 kapena 250 monga mwa nthawi zonse. Mukhetseni pakatha maola 50, chifukwa amakhala atatsuka zinyalala za zaka zonse zija. Wa magiya, ngati mudali madzi, angafune kukhetsedwa kawiri. Kawaya ka mita ngati n'kakufa ikani katsopano, ndipo lembani m'buku tsiku ndi nambala yomwe mwayambira.

Nthawi yogulira ndi Meyi kapena Juni, anthu atangokolola. Mu Julayi ndi Ogasiti ipatseni ntchito yeniyeni, kuyambira yopepuka mpaka pulawo, m'munda wapafupi ndi nyumba. Timalabala tomwe tikufuna kuchucha tichuche nthawi imeneyo, makaniko akadali ndi mpata ndipo sipeya yoitanitsa kutali ikhoza kufika. Musalandire ndalama za anthu ofuna kuwalimira mu Okutobala thirakitalayo isanakwanitse maola 100 m'manja mwanu.